Chigamba pa Diso la Tib

A Lowell Brekke anali tcheyamani wa Bungwe la Agalu Oweta Nkhosa m'chigwa chonse, bungwe la anthu asanu ndi anayi mukawerengera ndi akazi awo, a Marlys, amene ankapezeka pa misonkhano chifukwa inkachitikira m'khitchini mwawo. Mpandowu anaukhalira zaka khumi ndi ziwiri popanda wowalanda. Iwo ankati n'chifukwa choti anthu amawadalira. A Marlys ankati n'chifukwa choti tcheyamani ndiye amatchetcha bwalo la mpikisano.

Anali munthu wa malamulo. Pa mpikisano mwini galu amaima pa mtengo wozikidwa kumapeto kwa bwalo, n'kumalamula galu wake ndi likhweru lokha, ndipo akachoka pamtengopo nthawi isanakwane ndiye kuti wagonja. A Brekke anachotsapo mu mpikisano mlamu wawo weniweni chifukwa cha mapazi atatu.

Koma pa nkhani ya galu panalibe wowatsutsa. Tib anali galu wamkazi wakuda, wa chifuwa choyera, wochepa thupi ngati sapatsidwa chakudya. Sankauwa, sankaluma. Ankangotsitsa mutu, n'kuyenda monyang'ama, n'kuyang'ana. Nkhosa yamphongo yamakani, yoti amuna awiri aikankhe osasuntha, Tib akaiponyera diso inkakumbukira mwadzidzidzi kuti ili ndi kopita. Likhweru limangouza galu mbali yodzera. Chimene chimasuntha nkhosa ndi diso.

Chilema cha Tib, malinga ndi a Brekke, chinali chimodzi: ankadziyesa wanzeru kuposa iwo. Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala akukokanakokana. Iwo akaimba kuti kumanzere, iye ankaona kuti nkhosa zikufuna kuthawira kwina, n'kudzera kumanja. Chowawa kwambiri chinali chakuti nthawi zambiri ankalondola ndi iyeyo.

Chaka chathachi zinthu zinasintha. Tib anayamba kudikira. Akafika kuseri kwa nkhosa ankaima, khutu m'mwamba, mpaka atauzidwa chochita. Akamutuma osamuuza mbali, ankadzera kumanzere, kumanzere kokhakokha. Poyenda pakhomo ankakhala kumanzere kwa mbuye wake, phewa likukhudza mwendo.

"Galu amafuna kudekha," a Brekke anauza anzawo m'mawa wina pa resitilanti ya pamphambano, pamene amuna a m'chigwa ankakumana kuti amwe khofi ndi kukonza dziko. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndikumuumba. Pano wadziwa kuti bwana ndani."

"Kapena wangotopa nanu, akulu," anatero Gus Petrich, mnzawo wa kuubwana, amene agalu ake ankamaliza achiwiri chaka ndi chaka. "A Marlys anasiya kukuyankhani kalekale, nawonso mudzati munawaumba?"

"Nsanje, Gus. Imaonda nayo munthu."

"Ine ndikunenepa, simukundiona?"

Ankaseka, koma chikho cha mpikisano chinali pa shelefu ya a Brekke, ndipo Loweruka la kumapeto kwa Ogasiti ankayembekeza kuchibwezera pomwepo.

Lolemba la sabata ya mpikisanoyo, Tib anatuluka m'kanyumba kake diso lamanja atalitsinzina theka. Linali psuu, misozi itanyowetsa ubweya mpaka kutsaya. Ananunkhiza mbale yake n'kuisiya.

"Sanadye," anatero a Marlys, ataima pakhomo ndi kapu ya khofi.

"Kutenthaku."

"Tib kusiya nyama chifukwa cha kutentha? A Tcheya, muimbireni dokotala."

"Mtsikana uja? Mamailosi makumi asanu ndi awiri kuti akandiuze zimene ndikuziona ndi maso angawa? Ndi nthenda ya ntchentche iyi. Ana a ng'ombe anayi ali nayo kukholaku. Ine ndinayamba kuchiza maso a ng'ombe iyeyo asanabadwe."

"Ameneyu si ng'ombe."

"Diso ndi diso, mayi."

Mtsikana ankanenedwayo anali Dokotala Ybarra, wa zaka makumi atatu ndi mphambu, amene anabwera m'boma lawo zaka zitatu zapitazo. Tsiku loyamba kukumana naye a Brekke anamuphunzitsa kagwiridwe ka nkhosa, iye n'kuthokoza mwaulemu, ndipo ulemu umenewo sanamukhululukire mpaka lero.

M'khola munali shelefu imene a Brekke ankaitcha chipatala. Panali mabotolo a zaka zosiyanasiyana, ena mayina atafufutika. Anasankha kachubu kamene kanathandiza ana a ng'ombe, n'kukhala pa ndowa yovundikira, Tib ali pakati pa maondo awo. Atagwira chikope, galuyo ananjenjemera thupi lonse, koma sanathawe. Diso linamveka lolimba pansi pa chala, ngati nsangalabwi. Anaona zimenezo, n'kuganiza kuti ndi kutupa, n'kupaka mankhwala.

Lachiwiri m'mamawa a Marlys ananyamuka kupita kutauni kukasamala mchemwali wawo amene anamuchita opaleshoni ya bondo. Asanalize galimoto anatsitsa galasi.

"Lonjezani kuti muimba foni."

"Ndiona mmene atachitire lero."

"Sindinati muone. Safunsa anadya phula, bambo inu."

"Yendani bwino, mukamupatse moni wodwalayo."

Tsiku limenelo diso linali litachita mtambo, lotuwa ngati madzi otsukira mkaka. Tib anakagona pansi pa thirakitala, mutu atautsamiritsa pa chitsulo chozizira. A Brekke anamuyang'ana kwa kanthawi, ndipo foni inawabwerera m'maganizo. Koma panali njira imene bambo awo anawasiyira yodziwira ngati galu akudwaladi. Anaimba likhweru.

Tib anavumbuluka ngati wamenyedwa ndi magetsi. Nkhosa mazana awiri zinali kumsipu wa kumtsinje, ndipo iye anazitenga zonse n'kuzilowetsa pa geti imodzi popanda kutayapo ngakhale imodzi. Anapunthwa kamodzi pa ngalande. Udzu unali wautali pamenepo.

"Mwaona?" anatero a Brekke, ngakhale panalibe woona. "Galu wodwala sagwira ntchito."

Chimene chinkawavuta chinali dzuwa. Aliyense woweta ng'ombe amadziwa kuti diso lodwala limadana ndi kuwala ndi ntchentche, ndipo mankhwala ake ndi akale: umadula chigamba pa buluku la jinzi lotha ntchito, n'kuchimata ndi guluu kuzungulira diso, chimadzagwa chokha diso litapola. Masana amenewo anatenga jinzi yawo yakale, yobooka m'maondo, n'kudula kachigamba kozungulira bwino. Guluu anaona kuti n'zachipongwe kwa galu wa chikho. Anasoka chigambacho pa mkombero wa sokosi, n'kuchita kachipewa kodutsa kuseri kwa makutu. Ntchitoyo inawatengera ola lathunthu, ndipo inatuluka yokongola moti anayamba kuganiza zodzaionetsa pa msonkhano wa bungwe.

Anamuveka Tib, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone bwino.

Galu anaima pomwepo, miyendo atatangadza, ngati pansi pagwedezeka.

"Tiye."

Anayenda mapazi anayi molunjika mawu, n'kugunda mphuno pa chomwera ng'ombe, go! Anabwerera, n'kupotoloka, n'kugunda tayala la thirakitala. Diso lamanzere linali lotsegula, lowala, lofiirira ngati uchi, mwanadiso wake wamkulu bii, lokongola monga linalili nthawi zonse.

Ganizo lina linawadutsa a Brekke pamenepo, lozizira, ngati mphepo yolowera pansi pa chitseko. Analiona likubwera ndipo analitsekera kunja.

"Wayamba mwano wako uja eti? Chigamba chokha mpaka sewero? Ng'ombe zimavala osadandaula."

Anamunyamula n'kukamugoneka pa udzu wouma m'chipinda cha mdima cha m'khola, kuti apume. Lachitatu lonse anali pa thirakitala, kutchetcha bwalo, kuzika mageti, kupenta mtengo woimapo eni agalu. Kawiri anapita kukakweza chigamba pang'ono, n'kufinyira mankhwala, n'kuchibwezera. Tib ankagwedeza mchira akamva nsapato zawo. Madzi ankamwa. Chakudya ayi. Madzulo a Marlys ataimba, anawauza kuti wodwala ali m'manja abwino.

Lachinayi a Marlys anafika dzuwa lisanakwere kwenikweni, ndipo asanatsitse n'chikwama chomwe analunjika kukhola.

"N'chiyani ichi mwamuveka?"

"Musachigwire, ndi luso limenelo."

Anachivula n'kuchiponya pa udzu. Diso lamanja linali litatupa, lotuwa lonse, lotuluka pang'ono. A Marlys anatsegula chitseko chonse kuti kuwala kulowe, n'kugwada, n'kugwedeza dzanja patsogolo pa nkhope ya galu. Kumanja, zii. Kumanzere, zii. Anavula chipewa cha amuna awo n'kuchigwetsa mwakachetechete pa udzu, pafupi ndi mphuno yake. Tib sanaphethire.

"Tib," anaitana a Brekke, mawu atachepa.

Galu anagwedeza mchira, n'kutembenukira kumene mawu anagunda khoma n'kubwerera. Anayang'ana matabwa mwachikondi.

Mamailosi makumi asanu ndi awiri aja anawayenda m'mawa womwewo. Ankayendetsa ndi a Marlys. A Brekke anakhala kumbuyo, mutu wa galu uli pamwendo pawo, ndipo anaona kuti msewuwo si wautali monga ankaunenera.

Dokotala Ybarra sanafunse zambiri. Anadontheza mankhwala, n'kugunditsa kachipangizo konga cholembera pa diso, n'kuyang'ana nambala. Anabwereza. Kenaka anazimitsa magetsi n'kuunika m'diso lililonse nthawi yaitali, makamaka lamanzere lija, labwinobwino.

"Chinayamba liti, bambo Brekke?"

"Lolemba. Ndi nthenda ya ntchentche ija, ndinapaka…"

"Si imeneyo." Anayatsa magetsi. "M'diso mumakhala madzi amene amalowa n'kumatuluka. Potulukira pakatsekeka, diso limafufuma ngati tayala lopopedwa mopitirira, ndipo mtsempha woonera umafa. Kunja limaoneka ngati diso lofiira wamba. N'chifukwa chake galu akatsinzina diso limodzi, likachita mtambo, akasiya kudya, timati bwerani tsiku lomwelo. Timakhala ndi tsiku limodzi, tikachita mwayi awiri."

"Ndiye muliphwetse," anatero a Brekke. "Muchotse mpweyawo."

"Kutupako nditsitsa, kuti ululu uchepe. Kuona sikubwerera."

A Brekke sanagonje. "Chabwino. Agalu a diso limodzi alipo, ndinaonapo wina ku Wyoming akupambana. Lamanzereli langochita chidima chifukwa chokhalitsa m'khola."

Dokotala anayang'ana a Marlys, kenaka n'kubwerera kwa iwo.

"Lamanzereli linafa kalekale. Kansalu koonera ka kumbuyo kwa diso kanamatuka, ndipo chipsera chake n'chakale, mwina chaka. Anamenyedwapo pamutu?"

Nkhani imeneyo a Brekke ankaidziwa bwino, poti anaikamba pa resitilanti kosawerengeka. Mwezi wa Okutobala chaka chatha nkhosa yamphongo inamugunda Tib n'kumuponyera pa geti, iye n'kudzuka, n'kudzikung'untha, n'kuilowetsa m'khola nkhosa yomweyo. Pokamba ankamaliza ndi kumenya tebulo.

"Nthawi zambiri eni ake amaona kusintha," dokotala anapitiriza mofatsa. "Galu amayamba kudzera mbali imodzi, kuti zinthu zikhale ku diso labwino. Amakakamira mwendo wa munthu. Amadalira kwambiri makutu. Simunaonepo zotere?"

A Marlys anali ndi mayankho okwana zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu za ukwati, ndipo a Brekke anadikira kuti limodzi ligwe. Mayiwo anangoyang'ana pansi, n'kumasisita khutu la galu. Kukanakhala bwino akanalankhula.

"Ndinaona," anatero a Brekke.

Kenaka anatembenukira kwa dokotala.

"Adokotala, Lachiwiri masana… ankaona?"

"Ngati ankayenda osagunda zinthu, ankaonako. Mwina mwa chimbuuzi."

"Ndinamuphimba. Ndi chigamba cha jinzi."

"Chigamba sichinaphe diso, bambo. Analipha ndi masiku."

Ananena kuti awatonthoze, ndipo iwo anagwedeza mutu. Koma anali atawerenga kale. Kuwala kotsiriza kumene Tib anali nako pa dziko lino, tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka, anakuthera akuyang'ana mkati mwa buluku lawo lakale.

"Zimawawa?"

"Anthu amene anadwalapo amati ndi mutu woti sungaimirire nawo."

"Koma Lachiwiri anagwira ntchito. Nkhosa mazana awiri."

"Mtundu umenewu umagwira ntchito ngakhale mwendo utathyoka," anatero dokotala. "Munamuitana."

Anawapatsa madontho ndi mapiritsi, n'kunena kuti sabata yamawa diso lamanjalo alichotse, poti lidzangokhala lopweteka. Anawauzanso kuti agalu osaona amakhala bwino, amaloweza nyumba, amasewera, amakalamba, asamasunthe mipando. A Brekke, amene sanamverepo munthu mpaka kumapeto kwa chiganizo, anamvera zonse, n'kupempha kuti awalembere papepala.

Loweruka magalimoto anayamba kufika pa bwalo lawo m'mawa. Chaka chilichonse tcheyamani ankatsegula mpikisano ndi mawu ochepa amene ankatenga mphindi makumi awiri. Ulendo uno anati, "Mwalandiridwa, tiyeni tiyambe," ndipo anthu anayang'anana. A Brekke anaweruza tsiku lonse ali pa mpando wawo, osakangana ndi munthu.

Tib anatsala m'khitchini ndi a Marlys. Malikhweru a anthu ena ankalowera pa zenera, ndipo likalira lililonse iye ankadzuka, n'kupotolokera kumanzere, n'kugona pansi, n'kudzukanso, kumvera malamulo a agalu ena pakati pa firiji ndi tebulo.

Chikho anatenga Gus Petrich. Atachilandira anachigwira ngati mbale yotentha ya eni ake.

"Sichikukoma, akulu," anatero atatsala awiri ndi a Brekke.

"Watenga mwachilungamo."

"Ndimafuna ndikulandeni iye ali pabwalo." Gus anavula chipewa, n'kuyang'ana mkati mwake, n'kuchivalanso. "Ndinaona kuti amadzera mbali imodzi. Ndinkati mwamuphunzitsa ndinu."

"Inenso ndinkatero."

Dzuwa litapendeka magalimoto onse anali atapita. Nkhosa zisanu za mpikisano zinatsala kumapeto kwa bwalo, zikudya udzu. A Brekke anali kuzula mageti pamene anaona a Marlys akubwera, Tib ali pa chingwe, akukoka.

"Wandilemetsa m'nyumbamo. Mapiritsi agwira, ndipo akudziwa kuti lero ndi Loweruka lake. Bwaloli munatchetcha nokha, mulibe dzenje."

"Mayi, sangathe."

"Sindinati apambane, Lowell."

A Brekke anapita naye pa mtengo wopentedwa uja. Tib anakhala kumanzere kwawo, phewa pa mwendo, akunjenjemera ngati kale. Mphepo inkachokera kwa nkhosa, ndipo mphuno yake inali itazipeza. Anamumasula chingwe.

"Pita."

Anapita. Anadzera kumanzere, n'kutambasula uta waukulu uja umene anthu ankabwera kudzaonera, wothamanga pang'ono kuposa mmene galu wosaona ayenera kuthamangira, poti bwalolo linali m'miyendo mwake. A Brekke anaimba kuti atalikire mpanda, iye n'kutalikira. Anaimba kuti aime, n'kuima. Sanamverepo chotere moyo wake wonse.

Nkhosa zinadzutsa mitu. Zinamudziwa, ndipo zinaunjikana n'kudikira chija chinkazichitikira akafika. Tib anatsitsa mutu, n'kukweza phazi limodzi, n'kuyamba kunyang'ama. Koma kumeneko mphepo inali kumsana kwake, ndipo anaphonya ndi mapazi khumi okha. Nkhosa zinamuyang'ana akudutsa pambali. Imodzi, yaikazi yokalamba, inapukusa makutu n'kuweramanso kudya. Zinazo zinatsatira, n'kumasendera pang'onopang'ono kumtsinje.

Tib anaima pamene nkhosa zinali poyamba. Anagona chafufumimba, khosi atalitambasula, n'kugwira malo opanda kanthuwo ndi mphamvu zake zonse, kuti pasathawe ngakhale imodzi. Khutu limodzi linali m'mwamba, lolozera kwa mbuye wake.

Panali likhweru la zimenezo, lalifupi, lotanthauza basi, wagwira ntchito, bwera kuno. A Brekke analiimba kambirimbiri pa moyo wawo. Anasonkhanitsa milomo, koma munangotuluka mpweya. Anapukuta kukamwa ndi dzanja n'kuyesanso. Mpweya.

Galu anadikirabe, osasuntha.

A Brekke anachotsa dzanja pa mtengo uja, n'kuyamba kuyenda kudutsa bwalo.